Bwalo la mpira si bwalo la milandu

Loweruka ndi Lamulungu masana, kuchokera pa Golomoti kutsata msewu wa M5, kudutsa pamphambano ya ku Mua mpaka kukafika pa Mtakataka, nkhani imakhala ya mpira. Ena amapanikizana m'tinyumba ta vidiyo kuonera Arsenal, Chelsea ndi Manchester United, ena amazinga bwalo la pasukulu pomwe matimu a m'midzi akulimbirana ndalama za bonanza. Konsekonse, wosewera akaphonya chigoli ali pakamwa pa golo, akaopa kulowetsa mwendo, kapena akagwa n'kuchedwa kudzuka, mawu amene amatuluka pakati pa ochemerera timawadziwa tonse. Amayamba ndi kumutcha mkazi, kenako amutcha wamathanyula. Gulu limaseka, woimbira mpira amangopitiriza ntchito yake, akuluakulu amene apatsidwa mipando kutsogolo sanena kanthu, ndipo ana otola mipira kuseri kwa golo amaphunzira kuti mwamuna amalankhula chonchi. Chizolowezi chimenechi n'choipa, ndipo tingathe kuchisiya popanda wina aliyense kutaya chikhulupiriro chake. Munthu angakhulupirire ndi mtima wonse kuti kugonana amuna okhaokha kapena akazi okhaokha ndi tchimo, n'kuvomerezabe kuti kutukwana, kuopseza ndi kuthamangitsa wosewera pa chifukwa chimenechi ndi nkhanza zimene sitiyenera kuzilekerera.

Ambiri amafunsa kuti kodi osewera oterewa alipo n'komwe. Ligi ya Premier ya ku England, imene timaikonda kwambiri kuno, ili ndi matimu 20 ndi osewera oposa 500 ochokera m'maiko ambirimbiri, koma chiyambire mu 1992 palibe amene ananenapo poyera kuti amakonda amuna anzake iye akusewerabe m'ligiyo. Wina angati umenewu ndi umboni woti kulibe. Koma taonani zimene zimachitika anthu akasiya kusewera. Thomas Hitzlsperger anasewera Aston Villa, West Ham ndi Everton, anatenga chikho cha ligi ya ku Germany ndi Stuttgart mu 2007, ndipo anavala yunifomu ya dziko lake maulendo 52. Zaka zonsezo anali duu. Anadzaulula mu Januwale 2014, patangopita miyezi yochepa atasiya mpira. Anthu amene ankakuwa ndi chimwemwe akamenya mpira ndi mwendo wake wamanzere uja ankachemerera munthu yemweyo, amene nthawi imeneyo ankadzibisa. Kukhala chete kwa osewera kukutiuza kukula kwa mantha awo, ndipo sikutiuza kanthu za kuchuluka kwawo. Zikakhala choncho ku England, kumene lamulo linasiya kumanga anthu oterewa mu 1967, sitingayembekezere kuti ku Super League yathu, kapena m'matimu a m'midzi ya kwa Kachindamoto, amene ali chete ndiye kuti palibe chimene akubisa.

Mantha amenewa ali ndi gwero lake. Justin Fashanu anabadwira ku London mu 1961. Bambo ake anali a ku Nigeria, mayi ake a ku Guyana, ndipo iye ndi mng'ono wake John analeredwa ndi banja lina ku Norfolk. Mu 1980 anagoletsa chigoli pokumana ndi Liverpool chimene BBC inachisankha kukhala chopambana zigoli zonse za chaka chimenecho, ndipo mu 1981 Nottingham Forest inamugula ku Norwich City pa mapaundi 1 miliyoni. Anali wosewera wakuda woyamba kugulidwa pamtengo wotero. Ku Forest zinthu sizinamuyendere. Mphunzitsi wa timuyo, Brian Clough, atamva kuti mnyamatayo amapita kumalo achisangalalo a amuna okonda amuna anzawo, anamuzazira n'kufika pomuletsa kuchita nawo zokonzekera, ndipo Clough yemweyo anadzalemba za mkanganowo m'buku la moyo wake. Mu Okutobala 1990 Fashanu anaulula zonse kudzera m'nyuzipepala ya The Sun. Mabwalo anamukuwiza, ndipo mng'ono wake John, amenenso anali wosewera wotchuka, anamukana poyera. Bondo limene anavulala linali litamubwezera kale m'mbuyo, choncho anangoyendayenda m'matimu osiyanasiyana osakhazikika. Mu 1998 mnyamata wa zaka 17 ku Maryland, m'dziko la America, anamuneneza kuti anamugwirira. Fashanu anabwerera ku England, ndipo mu Meyi chaka chomwecho anapezeka atadzimangirira ku London ali ndi zaka 37. M'kalata imene anasiya anaukana mlanduwo, n'kunena kuti sankakhulupirira kuti khoti lingamuweruze mwachilungamo poti iye ndi wokonda amuna anzake. Mlanduwo sunazengedwe, ndiye ife sitingamuyeretse kapena kumudetsa. Koma zaka zisanu ndi zitatu za chitonzo zimene anapirira mlanduwo usanabuke zinachitika dziko lonse likuona, ndipo osewera anzake anatolapo phunziro. Panadutsa zaka pafupifupi 32 kuti wosewera wina wamwamuna wa mpira wolipidwa ku Britain achite zimene iye anachita. Ameneyo ndi Jake Daniels wa timu ya Blackpool, amene anaulula mu Meyi 2022 ali ndi zaka 17.

Chodandaula choyamba chimene mumamva kwa osewera ndi makochi n'chakuti munthu wotere angasokoneze timu, poti anyamata amavulira pamodzi, amasamba pamodzi, ndipo akapita kokasewera kutali amagona chipinda chimodzi. Nkhawa imeneyi tingaiyese ndi zimene zinachitika kumene zinthu zoterezi zinaoneka kale. Robbie Rogers wa ku America anaulula mu 2013, n'kulowa timu ya LA Galaxy, ndipo chaka chotsatira timuyo inatenga chikho cha ligi ya dzikolo iye ali m'kati. Jakub Jankto wa ku Czech Republic anaulula mu Febuluwale 2023 akusewera Sparta Prague, timuyo inatenga ligi chaka chomwecho, ndipo Cagliari ya ku Italy inamugula. Megan Rapinoe, amene sanabisepo za moyo wake kwa zaka zambiri, anatsogolera America potenga chikho cha dziko lonse cha amayi mu 2019, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pampikisanowo. Matimu amenewa sanapasuke. Mavuto ena amene osewera oterewa amakumana nawo amachokera kunja kwa timu. Josh Cavallo wa ku Australia, amene anaulula mu Okutobala 2021 akusewera Adelaide United, wakhala akunena kuti amalandira mauthenga omuopseza kuti aphedwa. Za kusamba ndi kugona chipinda chimodzi, mwambo ndi umodzi kwa aliyense: amene wagwira mnzake mosayenera alangidwe, kaya amakonda akazi kaya amuna. Kuganiza kuti munthu adzalakwa chabe chifukwa cha chimene ali, iye asanachite kanthu, n'kumuweruza mlandu umene sanapalamule.

Kuno ku Africa nkhaniyi yafika pokhetsa mwazi. Eudy Simelane anali wosewera pakati wa Banyana Banyana, timu ya amayi ya South Africa, ndipo kwawo ku KwaThema, kufupi ndi Johannesburg, ankakhala mosabisa kuti amakonda akazi anzake. Pa 28 Epulo 2008 gulu la amuna linamugwirira, kumubaya ndi mipeni kambirimbiri, n'kutaya thupi lake m'khwawa. Anali ndi zaka 31. Mu 2009 makhoti anapeza amuna awiri olakwa, wina anamulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse, wina zaka 32. Izi zinachitika m'dziko limene malamulo ake aakulu a 1996 amaletsa kusala munthu pa nkhani imeneyi, limenenso linavomereza maukwati a amuna kapena akazi okhaokha mu 2006. Lamulo linali kumbali ya Eudy, koma zokamba za m'misewu, m'mabawa ndi m'mabwalo zinali zitamuweruza kale. Amene anamupha anakulira pakati pa anthu amene tsiku ndi tsiku ankanena kuti mkazi wotere ngofunika kumuwongola. N'chifukwa chake sindivomereza zoti mawu a pabwalo ndi nthabwala chabe zongokometsera masewero. Mawu amene gulu lazolowera kuwaseka ndi amene amalimbitsa mtima munthu mmodzi woipa kuti achite zimene enawo amangonena. M'dziko lomwelo muli Portia Modise, amene mu 2014 anakhala wosewera woyamba wa mu Africa, mwamuna kapena mkazi, kugoletsera dziko lake zigoli 100. Nayenso sabisa kuti amakonda akazi anzake. Akanamuthamangitsa ali mtsikana, South Africa ikanataya zigoli zonsezo.

Kwathu kuno wosewera amene angaganize zoulula ali ndi chinthu china choopsa kuposa masapota. Gawo 153 la malamulo a milandu limapereka chilango cha zaka zofika 14 m'ndende, gawo 156 zaka 5, ndipo gawo 137A, limene linayamba kugwira ntchito mu 2011, linafikitsa chilango cha zaka 5 kwa akazi. Ambiri tikukumbukira Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, amene anamangidwa atachita chinkhoswe ku Blantyre mu Disembala 2009. Pa 20 Meyi 2010 khoti linawalamula kukagwira ukaidi zaka 14, ndipo pa 29 Meyi Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira pamene mlembi wamkulu wa United Nations, Ban Ki-moon, anali m'dziko muno. Mu 2012 ndi mu 2015 nduna za zamalamulo zinalengeza kuti apolisi ayambe aleka kumanga anthu pa milandu imeneyi, koma malamulowo sanachotsedwe. Pa 28 Juni 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko, litamva dandaulo la Jan Willem Akster ndi Jana Gonani, linagamula kuti magawowo akhalebe, n'kunena kuti amene angawasinthe ndi Nyumba ya Malamulo. M'dziko lotere, kuuza mnyamata wa ku Golomoti kuti alimbe mtima aulule monga anachitira Jake Daniels n'kumukankhira kuphompho. Ameneyo akhoza kutaya malo m'timu, kuthamangitsidwa pakhomo pa makolo ake, kumenyedwa, mwinanso kumangidwa. Palibe amene ali ndi ngongole youlula za moyo wake kwa ife, ndipo palibe mtolankhani, sapota kapena wosewera mnzake amene ali ndi ufulu woulula za wina. Udindo uli kwa ife ambiri amene sitiopa kanthu tikamapita kubwalo. Komanso tikumbuke kuti gawo 153 limanena za mchitidwe umene khoti liyenera kuupezera umboni. Silipatsa sapota aliyense mphamvu yoweruza munthu poona kayendedwe kake, mawu ake kapena kametedwe kake, ndipo gawo 19 la malamulo aakulu a dziko limateteza ulemu wa munthu aliyense, ngakhale amene ali m'ndende.

Amene amavulala ndi kusaka kumeneku si okhawo amene tikuwasaka. Mu 2021 Tabitha Chawinga anauza nyuzipepala ya The Guardian kuti ali ndi zaka 13, akusewerera timu ya atsikana ya pasukulu, anakakamizidwa kuvula pamaso pa anthu kuti atsimikize kuti ndi mtsikana, ndipo zinachitikanso pamene ankasewera DD Sunshine ku Lilongwe. Nkhani yake sikhudzana ndi za amene munthu amamukonda, ndipo pasapezeke woiwerenga motero. Ndaitchula chifukwa muzu wake ndi womwewo, maganizo oti mwamuna weniweni kapena mkazi weniweni ayenera kuoneka mwakutimwakuti, ndipo wosiyana ndi zimenezo gulu lili ndi ufulu womufufuza. Mtsikana amene anachititsidwa manyazi choncho anadzakhala wogoletsa zigoli zambiri mu ligi ya ku Italy ndi Inter Milan, kenako mu ligi ya ku France ndi PSG. Mng'ono wake Temwa anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024, zimene palibe anali atazifikapo m'chaka chimodzi, ndipo timu ya amayi ya dziko lino ya Scorchers inatenga chikho cha COSAFA mu 2023. Barbra Banda wa ku Zambia naye anamuchotsa pa mpikisano wa amayi wa Africa mu 2022 pa nkhani za kupima thupi, ndipo atalandira mphoto ya BBC mu 2024 anatukwanidwa koopsa pa intaneti. Awa ndi amene anapirira mpaka dziko linawadziwa. Tiganizire za mtsikana wa ku Mtakataka amene amathamanga kuposa anyamata a m'kalasi mwake, koma mayi ake amuletsa mpira atamva anthu pachitsime akunena kuti atsikana a mpira amasanduka amuna ndipo sakwatiwa. Tiganizirenso za mnyamata wa mawu ofewa, wosakonda zotukwana, amene wasiya kupita kokonzekera chifukwa watopa ndi dzina limene anzake amupatsa. Tikuchita ngati mlimi wotentha nkhokwe pofuna kupha khoswe, ndipo mpira wathu si wolemera moti n'kumataya luso mwa njira imeneyi.

Chodandaula chachikulu ndi cha chipembedzo, ndipo n'chofunika kuchimva mwaulemu, makamaka kuno ku Mua kumene ansembe a chipani cha White Fathers anafika mu 1902, kumene tchalitchi, chipatala ndi sukulu ya ana osamva zalera mibadwo yambiri. Mipingo yathu yanena maganizo ake mosabisa. Mu Julayi 2023 Akhristu ndi Asilamu anayenda limodzi m'misewu ya Blantyre kukana maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, ndipo mu Disembala chaka chomwecho maepiskopi a Katolika m'Malawi anakana zodalitsa anthu okhala m'maubale oterewa. Sindikupempha aliyense kuti asinthe chiphunzitso chimenechi pofuna mpira. Ndikupempha kuti tichiwerenge chonse. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2357, amautsutsadi mchitidwewu, koma ndime yotsatira, 2358, imalamula kuti anthu oterewa alandiridwe mwaulemu ndi mwachifundo, ndiponso kuti apewedwe machitidwe onse owasala mopanda chilungamo. Mu Januwale 2023 malemu Papa Francis anauza atolankhani a Associated Press kuti kukhala munthu wotere si mlandu, n'kusiyanitsa tchimo ndi mlandu wa kukhoti. Amene amatukwana pabwalo n'kumati akuteteza chikhulupiriro watola theka la chiphunzitso n'kutaya theka linalo. Ndipo tinene zoona, palibe timu imene imasankha osewera poyang'ana machimo awo. Wachigololo amasewera, woledzera amasewera, wamitala amasewera, amene sanapondepo m'tchalitchi chibatizidwire amavala nambala 9 ndipo timamunyamula pamapewa akagoletsa. Tikasankha tchimo limodzi lokha kuti ili ndiye lochotsetsa munthu m'timu, chimene chikutitsogolera ndi kunyansidwa kwathu, ndipo tisachiveke dzina la Mulungu.

Mua yemweyu ali ndi phunziro lina limene madera ambiri alibe. M'zaka za m'ma 1920 mishoni ndi gule wamkulu zinali pa mkangano woopsa m'dera lino, kulimbirana ana, maliro ndi mitima ya anthu, ndipo Mkhristu wopezeka kudambwe ankachotsedwa pa masakramenti. Lero pamalo a mishoni pomwepo pali Kungoni, imene Bambo Claude Boucher anaiyambitsa mu 1976, ndi nyumba ya Chamare yosungiramo zigoba za gule mazanamazana. Kusiyana kwa chikhulupiriro sikunathe, koma anthu anaphunzira kukhala limodzi osathamangitsana. M'timu imodzi ya m'mbali mwa nyanja muno mumapezeka Mkatolika, wa CCAP, Msilamu ndi wolowa gule, aliyense akukhulupirira mumtima kuti mnzakeyo wasochera pa nkhani ya moyo wosatha, koma amapatsirana mpira ndi kumwera botolo limodzi la madzi. Luso limeneli tili nalo kale. Chatsala n'kulifikitsa kwa munthu mmodzi amene mpaka pano tamusiya kunja.

Ena amati zonsezi n'zachizungu, zobwera ndi mabungwe a ndalama zakunja. Mbiri ikunena zina. Magawo 153 ndi 156 amene timamangira anthu oterewa ndi amene anabwera ndi atsamunda a ku Britain pamene ankalamulira Nyasaland, ndipo eni akewo anawasiya kalekale. Mpira umene nawonso unabwera ndi azungu, koma palibe amene amautcha wachilendo. Zoti amuna ena amagonana okhaokha sizinayambe ndi mabungwe a masiku ano, pakuti mu 1907 boma la Transvaal linachita kafukufuku wa nkhani yomweyi m'makomponi a migodi ya ku Joni, migodi imene agogo athu ambiri anakagwirako ntchito. Tikakwera Khwekhwerere n'kufika ku Dedza, tsidya la malire kuli Angonia, kumene kumakhala Achewa ndi Angoni a chilankhulo chathu chomwechi. Dziko lawo la Mozambique linachotsa malamulo oterewa mu 2015. Kafukufuku wa Afrobarometer amene anatuluka mu 2016 anapeza kuti anthu 56 pa 100 alionse ku Mozambique sangavutike kukhala moyandikana ndi munthu wogonana ndi amuna kapena akazi anzake, pamene ku Malawi anali 6 okha pa 100. Botswana inachotsa lamulo lake kudzera kukhoti mu 2019, ndipo khoti lalikulu la Namibia linachita chimodzimodzi mu 2024. Onsewa ndi Aafirika ngati ife. Chikhalidwe chathu nachonso si mwala. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto anathetsa maukwati a ana oposa 800 m'zaka zochepa m'dera lomwe lino, anthu ena akuwanena kuti akuononga mwambo wa makolo, ndipo lero dziko lonse limawatamanda. Anaona kuti mwambo umene ukupweteka mwana wa munthu ngofunika kuukonza, ndipo anaukonza ali pampando wa chikhalidwe chomwecho.

Pali mbali imene odandaulawa akunena zoona. Maiko a azungu nthawi zina amalankhula nafe ngati akulamula ana, ndipo pamene David Cameron, nduna yaikulu ya Britain panthawiyo, anaopseza mu 2011 kuti adula thandizo kumaiko osunga malamulo amenewa, anangowonjezera mkwiyo umene unagwera anthu omwe ankati akuwateteza. Mu mpira namonso muli zokakamiza zimene sindiziona ngati zanzeru. Idrissa Gueye wa ku Senegal sanasewere masewero a PSG mu Meyi 2022 pa tsiku limene timuyo inavala manambala a mitundu ya utawaleza, Mohamed Camara wa ku Mali analetsedwa masewero anayi mu 2024 atamata chizindikiro chotere pa yunifomu ya Monaco, ndipo Sam Morsy, amene anali kaputeni wa Ipswich mu 2024, anakana kuvala kansalu ka utawaleza pamkono chifukwa cha chipembedzo chake. Kukakamiza munthu kuvala chizindikiro chimene chikumbumtima chake chikukana sikusintha mtima wake, ndipo eni mpira enieniwo sakhazikika pa nkhaniyi, pakuti FIFA yomweyo inaopseza ndi makadi achikasu makaputeni a maiko asanu ndi awiri a ku Ulaya amene ankafuna kuvala kansalu ka OneLove ku Qatar mu 2022. Koma kukana kuvala kansalu n'kosiyana kwambiri ndi kutukwana munthu. Chimene chikufunika pabwalo la ku Golomoti n'chaching'ono kuposa utawaleza. Palibe akukupemphani kunyamula mbendera ya wina aliyense. Mukungopemphedwa kuti mwana wa mnzanu asewere mpira, abwerere kwawo osatukwanidwa ndiponso osamenyedwa.

Chodandaula chimene chimagwira mtima wa kholo lililonse ndi cha ana: kodi tikalekerera, makochi oipa sadzaononga anyamata athu? Kugwirira mwana ndi mlandu waukulu, kaya wogwiriridwayo ndi mtsikana kaya mnyamata, ndipo wochita zimenezi ayenera kukafera kundende. Koma kusokoneza mlandu umenewu ndi nkhani ya akuluakulu awiri ogwirizana kumathandiza wogwirirayo. Ku England, Barry Bennell anazunza anyamata ambiri kwa zaka zochuluka akuphunzitsa mpira wa ana m'matimu okhudzana ndi Crewe Alexandra ndi Manchester City. Kukula kwa nkhanzazo kunadziwika bwino mu Novembala 2016 pamene Andy Woodward, ali bambo wamkulu, analimba mtima n'kufotokoza zimene zinamuchitikira ali mwana, ndipo mu 2018 Bennell analamulidwa kukhala m'ndende zaka 30. Ku Gabon, mu Disembala 2021, kunaphulika nkhani ya Patrick Assoumou Eyi, amene anaphunzitsapo timu ya dzikolo ya anyamata osapitirira zaka 17, ndipo FIFA inadzamuletsa mpira moyo wake wonse. M'maiko onse awiri ana anakhala chete zaka zambirimbiri. Taganizirani mnyamata wa zaka 14 wa kuno kwathu amene kochi wamuchita zoipa. Wakula akumva Loweruka lililonse kuti palibe chinthu chonyansa padziko kuposa mwamuna amene wagonedwa ndi mwamuna mnzake, wamvanso kuti oterewa amamangidwa. Mwana ameneyu sangapite kwa bambo ake, kwa aphunzitsi kapena kupolisi, chifukwa akudziwa dzina limene adzalitenge akangotsegula pakamwa. Chitonzo chathu ndicho chimamutseka pakamwa, ndipo womuzunzayo amadalira chimenecho. Kholo lofunadi kuteteza mwana wake liyenera kukhala loyamba kudana ndi mawu amenewa.

Zoyenera kuchita sizidikira Nyumba ya Malamulo. Gawo 4 la malamulo a FIFA limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu, chipembedzo, kukhala mwamuna kapena mkazi, ngakhalenso chifukwa cha amene munthuyo amamukonda, ndipo FAM, pokhala membala wa FIFA, inavomera kutsata malamulo amenewa. FIFA yalipiritsa Mexico chindapusa kangapo chifukwa cha mawu otukwana amene masapota ake amakuwira goloboyi wa timu ina, ndipo mu 2021 dzikolo linasewera masewero opitira ku chikho cha dziko lonse m'bwalo lopanda oonerera. Woimbira mpira ali ndi mphamvu yoimitsa masewero, kutulutsa matimu m'bwalo kwa kanthawi, ngakhale kuwathetseratu ngati kutukwana kwa tsankho sikukuleka. FAM ndi SULOM amalanga kale matimu masapota awo akagenda kapena kuchita ziwawa, choncho njira yake ilipo. Kumidzi kumene FAM sifika, mphamvu ili m'manja mwa kochi amene amasankha osewera, mphunzitsi wa zamasewero pasukulu, komiti ya bonanza, ndi a mfumu amene amapereka bwalo. Amenewa atati anene masewero asanayambe kuti wotukwana mnzake ndi mawu awa atuluka, monga amachitira ndi wobwera ndi chikwanje kapena woledzera wosokoneza, sipangathe miyezi yambiri anthu asanazolowere. Apolisi athu amalengeza chaka ndi chaka kuti ambiri mwa anthu odzipha m'dziko muno ndi amuna, ndipo tonse timadandaula kuti anyamata sanena zimene zikuwadya mumtima. Sitingadandaule choncho pamaliro, kenako n'kupita kubwalo kukaseka mnyamata chifukwa cha chinthu chimene sangathe kuuza ngakhale mayi ake omubala.

A FAM ndi a SULOM alembe momveka m'malamulo a mipikisano yawo kuti kutukwana kotere kuli ndi chilango, aphunzitse oimbira mpira kuchigwiritsa ntchito, ndipo aletseretu mchitidwe wovula kapena kufufuza thupi la wosewera pabwalo. Inu makochi, aphunzitsi ndi mafumu a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka, musadikire kalata yochokera ku Blantyre. Yambani ndi bwalo lanu, ndipo woyamba kumudzudzula akhale sapota wa timu yanu yomwe.